Kachilembo Kamodzi

Kalata inabwera Lachinayi ndi mnyamata wa kabaza,
envulopu imodzi, mayina awiri:
langa ndi la Gilibati, mwana wa amalume.
Tonse tinafunsira ukalaliki wa pa sikelo
pamene amayezera nzimbe ku Dwangwa.
Mpando unali umodzi. Tinkadziwa.

Tinakaitsegulira kuseri kwa chigayo,
Gilibati akulondola mizere ndi chala
chakuda ndi mwaye wa nzimbe zowotcha.
"Neither of you has been selected."
Ine khutu linangotola liwu lomalizalo, mtima phaa!
Iye anati, "Aise, loyambali ndikulidziwa,
a Kanyenda anatiphunzitsa tisanasiye sukulu.
Ndiye kuti uyu kapena uyu.
Mmodzi wa ife walowa."
Koma ndani? Pepala linangoti duu.

Masiku atatu tinakhala ngati akazi a pamitala,
moni wokoma, maso kumbali.
Usiku ndinasita malaya anga oyera mobisa,
kuuzira makala m'simbi pang'onopang'ono
kuti mpweya wanga usamveke kuchipinda kwake.
M'mawa ndinapeza nsapato zake pakhonde
zitapakidwa polishi mpaka kunsi.
Palibe anafunsa mnzake.

Loweruka Ndaziona, mlongo wanga wa Fomu 3,
pofunafuna machesi anaipeza pansi pa wailesi.
Anawerenga, anayamba kuseka,
atationa nkhope kuseka kuja kunathera pakhosi.
Anathyola kamtengo ka chinangwa,
nalemba pa dothi, lina pamwamba, lina pansi:

either
neither

"Achimwene, taonani kutsogoloku.
Kachilembo aka, kowerama ngati munthu wopalira,
kakasowa, chitseko n'chotsegula:
alowe mmodzi, aliyense mwa awiriwo.
Kakabwera, ndi mpiringidzo.
Uyu ayi. Uyunso ayi."

Tinangoti kakasi.
Iye poti waona kalasi yaulere, anapitiriza:
either amayenda ndi or,
neither amayenda ndi nor,
aliyense ndi mkazi wake, osabwerekana.
Ndipo neither wakana kale,
usamusenzetsenso not pamutu,
mtolo umodzi wamukwanira.
"Komanso onani, alemba has, osati have.
Chizungu ngakhale chikukanani nonse awiri
chimakuitanani mmodzimmodzi,
aliyense alandire ayi wakewake."

Nkhuku inadutsa pa mawu aja
n'kupalasa kachilembo kaja, ndendende ikako.
Kwa kamphindi dothi linatilemba ntchito.

Woyamba kuphulika anali Gilibati.
"Ndiye polishi wa ngongole uja
ndapakira ndani, abale?"
Ine ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa malaya aja
mizere yake ili chiriri ngati njanji,
ndinawakweza m'mwamba, osanena kanthu.
Tinaseka mpaka amayi anatuluka ndi chipande m'manja
kufunsa ngati ntchito ija yapezeka.
Tinasekanso. Kenako tinasiya.

Chimene sindinamuuze Ndaziona ndi ichi:
either uja anali munga m'nyumba mwathu.
Masiku atatu ndinkapemphera
kuti mwana wa amalume agwe.
Neither anatimana mpando,
koma anandibwezera m'bale wanga.
Sindikuti ndikuthokoza. Njala sithokoza galamala.

Lolemba, mdima usanathe,
tinakwera lole ya odula nzimbe, zikwanje m'manja,
ine m'malaya oyera aja, poti anali ositasita kale.
Pa mlatho, mphepo ikutimenya kumaso,
Gilibati anandigunda ndi chigongono,
nayesa Chizungu cha m'mawa, chosasukusula:
"I did not sleep."
Ndinafufuza m'mutu mwanga zija za pa dothi,
ndinakapeza kachilembo kowerama kaja,
ndinakaika kutsogolo, pamalo pake.
"Neither did I."

Kapitawo anatembenuka kutiyang'ana.
"Azungu inu, lero mizere isanu ndi umodzi aliyense."